Pulakitisi ya CPR Loweruka lino

Anzanga a chaka chachitatu, Loweruka lino tili ndi pulakitisi ya CPR (njira yothandizira munthu amene mtima wake waima) mu skills lab kuyambira 8 koloko mmawa mpaka 12. Tiyeserera pa zidole zophunzirira zija, kukanikiza pachifuwa ka 30 kenako kupereka mpweya kawiri, liwiro lokanikiza 100 mpaka 120 pa mphindi, ndipo aliyense agwira yekha makina a AED (opereka shoko ya magetsi ku mtima kuti uyambirenso kugunda bwino) chifukwa ambirife timangowaona ku wodi koma kumata ma pad ake pachifuwa cha wodwala sitidziwa, pomwe mtima wa wodwala ukaima sipakhala nthawi yotsegula manotsi.

Bweretsani koti yoyera, stethoscope, magulovu ndi logbook yoti alangizi asayine. Valani zoti mutha kugwada nazo pansi.

Yankhani kuti mubwera pofika Lachinayi madzulo tigawe magulu, zidole nzochepa.