Mnzako uja akukutengera kuti, mwana wanga?

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino, iweyo, apongozi anga ndi adzukulu anga awiriwo. Kuno tikudzuka, mawondo okhawa ndiwo akuvutabe monga ukudziwira. Ndalama ya feteleza inafika, matumba tagula, Mulungu abwezere pomwe unachotsapo.

Ndakhala pansi kulemba chifukwa pafoni umandidula mawu. Ndikangoyamba umati, "Amayi, za kuno simungazimvetse." Ndiye pano uwerenga mpaka kumapeto. Mlongo wako wandionetsa chithunzi chako pa Facebook. Uli pakati pa chikhamu cha anthu pachionetsero chotsutsa obwera ku London, mbendera yoyera ya mtanda wofiira uli nayo paphewa, mnzako uja wakukolowekera mkono m'khosi, chitini cha mowa chili kumanja. Linali tsiku la 13 September 2025, Loweruka lomwe unandiuza kuti uli pashifiti. Ndawerenganso zomwe wakhala ukulemba, zoti onse olowa m'dziko mozemba akwezedwe ndege, zoti apolisi ndi makhothi a kumeneko amakondera obwera. Usiku umenewo tulo sindinatione.

Kumene mkwiyo wako ukuchokera ndikukudziwa, usaganize kuti ndine wogontha. Tinagulitsa puloti ija ndi ng'ombe za malemu bambo ako kuti upeze viza. Unalemba mayeso a Chingerezi, unakayezetsa chifuwa, unadikira mpaka kuonda. Lero umadzuka kusanache kukasambitsa nkhalamba za eni, kuzitembenuza pabedi, msana ukuwawa, lendi ikudya theka la malipiro. Kenako ukumva kuti mu 2024 mokha anthu pafupifupi 37,000 anawoloka nyanja pa timaboti kuchokera ku France ndipo ena akugona m'mahotela boma likulipira. Munthu aliyense mtima ungamupweteke. Dziko lililonse liyenera kudziwa amene akulowa m'malire ake, pamenepo sindikutsutsa. Ndipo nkhani ya ana a ku Rotherham imene mnzakoyo amaibwerezabwereza ndi yoona: lipoti la mu 2014 linapeza kuti ana pafupifupi 1,400 anagwiriridwa ndi kuzunzidwa pakati pa 1997 ndi 2013, akuluakulu akuyang'ana kumbali, ena poopa kutchedwa atsankho. Ine ndinaphunzitsa atsikana moyo wanga wonse, nkhani imeneyo imandidula m'mimba.

Koma mnzako uja akamati "obwera", ukuganiza kuti iweyo amakuika mbali iti? Akuti amakuuza kuti ndiwe wosiyana ndi enawo chifukwa umagwira ntchito, umakhoma msonkho, umapita kutchalitchi. Amanena zimenezo muli awiri, botolo lili patebulo. Pagulu lokwiya palibe amene adzakufunse payslip.

Waiwala kale chaka chatha? Ine ndinalipo, ndinabwera kudzathandiza pachikuta cha wamng'onoyo. Pa 29 July 2024 tiana titatu tinaphedwa ku Southport, ndipo tsiku lomwelo bodza linayamba kuyenda pa intaneti lakuti wakupha ndi Msilamu wobwera paboti. Chonsecho anali mnyamata wobadwira ku Cardiff komweko, makolo ake ochokera ku Rwanda, ndipo khothi linamupatsa zaka zosachepera 52. Pa 4 August anthu anazinga hotela yosungiramo othawa kwawo ya ku Manvers, pafupi ndi kwanuko, nayatsa moto pakhomo muli anthu oposa 200 m'kati. Ndikukumbukira unatseka makatani dzuwa likuswa mtengo. Apongozi anga anavala yunifolomu kuti azipita kuntchito ya usiku, anafika pakhomo, anaima, anabwerera kudzakhala pampando nsapato zili kuphazi. Iwe unazimitsa nyali ya pabalaza, ine ndili ndi khanda pamiyendo, ndikuliika chala m'kamwa kuti lisalire. Tsiku lomwelo ku Middlesbrough anyamata ankaimitsa magalimoto pamsewu n'kumafunsa oyendetsa ngati ali azungu. Sankafunsa viza. Usiku umenewo mnzako uja anakuimbira foni kukufunsa ngati ana ako ali bwino? Ine sindinaimve foni imeneyo.

Tsopano tamvera za lamulo, chifukwa apa ndi pamene mantha anga ali. Mumatchulatchula mayi uja Lucy Connolly, kuti anamulakwira pomupatsa miyezi 31 chifukwa cha zomwe analemba pa intaneti. Kaya chilangocho chinakula kaya ayi, anthu a kumeneko azitsutsana okha, ngakhale kuti zomwe analembazo zinali zoti mahotela okhala anthu ayatsidwe, ndipo mlandu anauvomera yekha. Chomwe ine ndikuona n'chakuti iye anatuluka mu August 2025 n'kubwerera kunyumba kwake, kwa mwamuna wake ndi mwana wake, chifukwa ndi nzika. Iwe si nzika. Lamulo la kumeneko la mu 2007 limati mlendo akapatsidwa chilango cha miyezi 12 kapena kuposera apo, boma liyenera kumudipota. Pachionetsero chomwe unapitacho apolisi 26 anavulala. Ukanakhala pafupi ndi pomwe pankaponyedwa mabotolo, kamera n'kukujambula, ukuganiza kuti pakati pa nkhope zonsezo yosavuta kuizindikira ikanakhala ya ndani? Ngakhale osafika kukhothi, abwana ako atangoona chithunzicho n'kukuchotsa ntchito, viza yako yamangiriridwa kwa iwowo. Ukanatsala ndi masiku 60 oti upeze wina wokulemba, apo ayi ulongedze. Mnzakoyo akamangidwa adzatuluka n'kupita kwa amayi ake pabasi. Iwe udzatsikira ku Lumbadzi ndi kachikwama kamodzi, ana ako atatsala kutsidya.

Ndipo anthu amene mukuwaimbira m'manjawo wawamvetsetsa? Amene anaitanitsa chionetserocho, Tommy Robinson, anakhalapo m'ndende mu 2013 chifukwa cholowa ku America ndi pasipoti ya munthu wina. Ameneyo ndiye akuphunzitse iwe za kulowa m'dziko moongoka? Nanga a Nigel Farage, patangopita masiku ochepa chichitikireni chionetserocho, sananene poyera kuti chipani chawo cha Reform chikalowa m'boma chidzathetsa chilolezo chokhaliratu, chija mumati ILR, kuti aliyense azipemphanso viza zaka zisanu zilizonse, malipiro ofunika atakwezedwa? Chilolezo chimenecho ndi chomwe iwe ukuwerengera miyezi. Pa malipiro a ntchito yosamalira okalamba udzafikapo? Amenewo sakunena za apaboti okha ayi, akunena za iwe ndi apongozi anga. Ndipo mapepala pawokha sateteza munthu mpweya wa dziko ukasintha. Mu 2018 zinaululika kuti anthu a ku Caribbean omwe anakulira ku Britain movomerezeka, ena anafika ali ana, anachotsedwa ntchito, kukanizidwa chipatala, ena kukwezedwa ndege kumene, mpaka nduna Amber Rudd inatula pansi udindo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Amalume ako unawaona mmene anabwerera kuchokera ku Durban mu 2015, pa mabasi aja boma linatumiza. Pemiti anali nayo, yosatha, ili m'thumba la jekete. Makina awo osokera anatsala m'nyumba yomwe inathyoledwa. Mpaka lero akamva anthu akuthamanga kuseri kwa nyumba amadzidzimuka. Mu 2008 ku Joni komweko anthu 62 anaphedwa pa zipolowe zothamangitsa obwera, ndipo 21 mwa iwo anali eni dziko, ongoganiziridwa. Iwe unalira tsiku lomwe amalume ako anafika, unawapatsa nsapato zako. Ndiye lero ukuima pagulu loimba nyimbo yomweyo m'Chingerezi?

Pali china chomwe mwina sunachiganizepo. Nthawi ya nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, dziko lathu losaukali linasunga anthu a ku Mozambique oposa 1 miliyoni. Kwathu ku Lizulu ankangodumpha msewu, mtolo pamutu, popanda ndi kapepala komwe. Agogo ako anapereka khitchini kwa mayi wina ndi ana ake atatu. Mayi ameneyo ndiye ankakubereka kumbuyo ine ndikapita kukaphunzitsa, ndiye anakuthamangitsira kuchipatala tsiku lomwe unakomoka ndi malungo ine kulibe. Zinali zovuta, nkhuni zinatha m'mapiri, anthu ankadandaula kuti othawa akulandira ufa ife tikugona ndi njala. Madandaulo amenewo ndinawamva, ndipo ena anali oona. Koma palibe amene anakayatsa moto pakhomo pawo. Mtendere utabwera mu 1992 ambiri anabwerera kwawo okha.

Za mowa ndinena pang'ono. Unachoka kuno usakumwa. Tsopano akuti Lachisanu lililonse uli kubala ndi munthu ameneyu, ukafika kunyumba nkhani n'zamaboti zokhazokha, foni m'manja mpaka pakati pausiku. Usakamukalipire mkazi wako, sanandiuze ndi iye. Mawu ako pafoni ndi amene asintha, ukulankhula mokalipa ngati pali amene akukutsutsa pomwe ine ndangofunsa za ana. Ndipo wamkuluyo ali ndi makutu. Kusukulu kwake kuli ana a othawa kwawo. Akadzauza mnzake kuti "bambo anga akuti mubwerere kwanu", wina n'kumuyankha kuti nayenso abwerere kwawo, udzamuuza chiyani?

Sindikuti ukhale chete pa zomwe zikukupweteka. Ngati malipiro akuchepa, lowa m'bungwe la ogwira ntchito. Ngati ukuona kuti boma likuwononga ndalama m'mahotela, lembera phungu wa dera lako, ndipo poti ndife a Commonwealth voti uli nayo, kaponye mmene mtima wako ukufunira. Zimenezo palibe angakumangire. Koma kumisewu usapitenso. Chithunzi chija uchichotse lero lomwe, pamodzi ndi zonse unalemba, ndipo m'gulu la pa WhatsApp limene anakulowetsamo utulukemo. Mnzakoyo usadane naye, mwina nayenso ali ndi mabala ake, ntchito za m'migodi ndi m'mafakitale a zitsulo zinatha kudera kwawoko ndipo anthu anasiyidwa manja ali m'khosi. Umupatse moni kuntchito, mumwere limodzi tiyi. Koma akati tiye ku London, tiye kuhotela yakuti, umuuze kuti amayi anga anandiletsa. Akuseke, zilibe kanthu.

Ndikubwerezanso, chithunzicho uchichotse. Mlongo wako aona mawa ngati chachoka ndipo andiuza. Lamulungu tikaweruka kutchalitchi undiimbire pavidiyo, apongozi anga ali pambali pako, tikambirane tonse atatu. Ufa ndi usipa ndapatsira mayi a kumpingo aja akubwera mwezi wamawa, ukawachingamire ku Manchester. Undipsompsonere adzukulu anga.

Ndine mayi ako.