Kalata ya Abusa: za njoka za m'mimba mwa ana athu

Okondedwa abale ndi alongo mwa Ambuye,

Mtendere ukhale nanu.

Sabata yatha ndinakazonda mwana wina wa Sande sukulu ku Mtandire. Kamimba tuu, tsitsi lofiirira, m'zikope moyera, ndipo akuti m'kalasi amangosinza. Agogo ake anali atayamba kale kuloza zala anansi. Mayi ake anati, "Abusa, mankhwala a njoka tinamugulira pa okala, ina yaitali inatuluka ndithu." Tinapemphera, kenako ndinawapempha kuti m'mawa mwake akamuyezetse chimbudzi kuchipatala. Anakamupeza ndi mitundu itatu ya njoka pa nthawi imodzi.

Ndalembera zimenezi. Ambirife timati njoka ndi njoka, ikatuluka imodzi basi zatha. Ayi. Yaitali yooneka ngati nyongolotsi ija imalowa ndi mazira ake kudzera m'manja osasamba ndi pa mango otola pansi, ndipo yaikazi imodzi imatha kuikira mazira 200,000 pa tsiku. Ina ndi yaing'ono kwambiri, imaboola khungu la kuphazi mwana akamayenda wopanda nsapato pa dothi lonyowa pomwe wina anadzithandizira, n'kukakanirira m'matumbo kumayamwa magazi. Imeneyi simungaione, mumangoona mwana akufooka. Ndiye pali yaphanthiphanthi ya mu nyama ya nkhumba kapena ya ng'ombe yosapsa bwino. Abambo okonda kanyenya wa pa chiwaya, sindikuloza munthu, koma uzani wootchayo asafulumire. Anyamata osambira mu Lingadzi ndi mu mtsinje wa Lilongwe athanso kuwonjezerapo likodzo.

Piritsi la albendazole lomwe ana amalandira kusukulu ndi kusikelo limathana ndi mitundu ingapo, koma likodzo limafuna praziquantel. N'chifukwa chake kungogula mankhwala mwachimbulimbuli sikumaliza nkhani. Alangizi azaumoyo akabwera kudzagawa mankhwala, musabise ana m'nyumba. Ndamva kuti ena akunena kuti kumwa mankhwalawa n'kuchepa chikhulupiriro. Mawu amenewo sanachokere pa guwa lino. Amayi oyembekezera musagule nokha, kafunseni kusikelo.

Pa Deuteronomo 23:12-13 Mulungu analamula Aisraeli kukhala ndi malo odzithandizira kunja kwa msasa, kukumba ndi kufotsera. Ndikawerenga pamenepa ndimachita manyazi ndi chimbudzi chathu cha pa tchalitchi. Chivundikiro chinasowa kalekale, chitseko chikulendewera, ndipo ana aang'ono amaopa dzenje n'kumangokhala kuseri, pomwe anzawo amaseweretsa dothi tikatuluka m'mapemphero. Mvula ikayamba zonsezo zidzayenderera pabwalo.

Choncho Loweruka lino 7 koloko m'mawa abambo ndi achinyamata tibwere ndi makasu, mafosholo ndi misomali. Amayi mutithandize zigubu ziwiri ndi sopo, timange mpondagiya pakhomo pa chimbudzi. Amene ali ndi nsapato zomwe zinawachepera ana ake abwere nazo Lamulungu, akapereke kwa aphunzitsi a Sande sukulu.

Mwana uja walandira mankhwala ndipo wayamba kudya. Tipitirize kumukumbukira m'mapemphero, pamodzi ndi agogo ake.

Ine mbusa wanu,
Lilongwe