Kalata yotseguka kwa Nduna ya Zamaphunziro: ana adziwe zimene thupi limafuna

Olemekezeka a Nduna,

Ndine mphunzitsi, ndipo ndaona ana ambiri akusinza m'kalasi chonsecho mimba zawo zili zokhuta. Pempho langa ndi limodzi: phunziro la kadyedwe lilemekezedwe ngati masamu, ndipo anyamata ndi atsikana aziliphunzira onse mpaka kusekondale.

Kuloweza magulu a zakudya n'kosavuta. Mwana amaloweza, kulemba mayeso, n'kuiwala. Chimene chingakhazikike m'mutu mwake n'kumvetsa kuti kukhuta kokha sikupatsa thanzi. Galamu imodzi ya sitalichi kapena shuga imapereka mphamvu yokwana makalori 4, ya mafuta imapereka 9, koma mphamvu yokhayo simanga minofu. Zomanga thupi zimapangidwa ndi mitundu 20 ya tizigawo totchedwa amino acid, ndipo 9 mwa imeneyi thupi silitha kudzipangira, liyenera kuipeza m'mbale. Tirigu ndi mpunga zili ndi lysine wochepa, amene ndi mmodzi mwa 9 amenewa, pamene nyemba zili naye wambiri. Mwana akamvetsa chifukwa chimenechi, sadzafunikanso womukumbutsa kusakaniza zakudya.

Koma zimene zimandisowetsa tulo, a Nduna, ndi tinthu tating'ono tosaoneka ndi maso. Ayodini amene munthu wamkulu amafuna patsiku ndi mamaikulogalamu 150 okha, koma akasowa khosi limatupa, ndipo akasowa mwa mayi woyembekezera ubongo wa mwana sukula bwino. Ayironi akachepa, magazi amachepa, ndipo mtsikana amatopa msanga, ife aphunzitsi n'kumamuyesa waulesi. Ndi angati amene akudziwa kuti vitamini C wa m'zipatso amathandiza thupi kutenga ayironi wa m'masamba ndi m'nyemba, pamene tiyi womwera pachakudya amatchinga? Zimenezi zingaphunzitsidwe m'mphindi khumi zokha.

Nkhani ya vitamini wotchedwa folate ndiyo yandikakamiza kulembera inu osati a zaumoyo. Njira imene imadzakhala msana ndi ubongo wa mwana imatsekeka m'masiku pafupifupi 28 mayi atangoima, nthawi imene amayi ambiri sanadziwe n'komwe kuti ali ndi pakati. Folate akaperewera m'masiku amenewo, mwana angabadwe ndi msana wotseguka. Uphungu wa kusikelo, ngakhale utakhala wabwino chotani, pamfundo iyi umafika madzi atafika kale m'khosi. Kalasi yokha ndiyo imakumana ndi mtsikana zaka zambiri asanakhale mayi, ndiponso ndi mnyamata amene adzakhale bambo wogula chakudya pakhomo. M'mera mpoyamba: kupinimbira kumayambira m'masiku 1,000 oyamba, kuchokera pamene mayi waima kufika mwana atakwanitsa zaka 2, ndipo n'kovuta kukubweza pambuyo pake.

Phunziroli silotopetsa ayi. Ana anga amatchera khutu ndikawafotokozera za Christiaan Eijkman, dokotala wa ku Holland amene m'zaka za m'ma 1890 pachilumba cha Java ku Indonesia anaona nkhuku zodya mpunga wopuntha woyera zikufooka miyendo, n'kuchira zitapatsidwa wosapuntha. Chimene chinkatayidwa pamodzi ndi madeya lero timachitcha vitamini B1.

Kudya mopyola muyeso kusaiwalidwenso. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku, koma azidya zipatso ndi ndiwo zamasamba zosachepera magalamu 400.

Choncho ndikupempha kuti aphunzitsi ayambe aphunzitsidwa okha zimenezi m'makoleji, phunziroli likhale ndi nthawi yakeyake pandandanda wa sabata, ndipo mafunso a mayeso azifunsa chifukwa chake, osati mayina a magulu okha.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa kupulayimale