Kumwetulira sindiko kukhala pabwino

Akonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa lipoti la World Happiness Report, losanja mayiko potengera chimwemwe cha anthu ake, limene lidayamba kutuluka mu 2012, ndipo m'zaka zaposachedwapa lakhala likuika Malawi pakati pa mayiko khumi akumapeto, pamene Finland wakhala akutsogola kuyambira mu 2018. Likatuluka, ambiri amalikana kwamtuwagalu, amati akunja sangadziwe chimwemwe chathu poti ndife anthu ansangala. Ine ndikuona kuti pamenepa tikudzinamiza.

Ofufuzawo sawerenga kuti munthu waseka kangati. Amamuuza kuti aganize za makwerero oyambira pa 0 kukafika pa 10, kenaka anene yekha pamene moyo wake waima. Mayi amene wakugwadirani pokupatsani moni, nakuyalirani mphasa uku akuseka, angathe kuyankha kuti ali pa 3, chifukwa chimanga chidatha kalekale m'nkhokwe, mwana wabwezedwa kusukulu kaamba ka fizi, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, thumba la feteleza amangolionera patali. Choncho amene amati ndalama zilibe gawo pa chimwemwe, kawirikawiri amayankhula atakhuta.

Komabe chimene chandilembetsa kalatayi ndi funso lina la m'kafukufuku yemweyo, lakuti kodi utagwa m'mavuto, uli ndi mbale kapena bwenzi loti ungalidalire? Ku yunivesite ya Harvard ku America adayamba mu 1938 kutsatira miyoyo ya amuna mazanamazana, ena ophunzira pasukulupo, ena ochokera m'mabanja osauka a mumzinda wa Boston, kufikira atakalamba. Adapeza kuti amene ankakhala bwino ndi akazi awo, abale ndi anzawo ndiwo adakalamba ali okondwa komanso athanzi, kuposa amene adangotchuka kapena kulemera.

Apa ndiye timadziguguda pachifuwa kuti ife umunthu tili nawo, koma tiyeni tiunguze bwino. Munthu amadwala miyezi ali gone m'nyumba popanda womuzonda, koma tsiku lomwalira magalimoto amadzaza msewu, chipepeso chimasonkhedwa msangamsanga pa WhatsApp, bokosi nkugulidwa lamtengo woposa mankhwala amene akadamuchiritsa. M'matauni tamanga mipanda yaitali moti woyandikana naye timamudziwa ndi galimoto yake yokha. Abambo ndiye zafika poipa, pakuti tidawalera ndi mawu akuti mwamuna salira, ndipo wina akamira m'ngongole ya katapila kapena ya banki mkhonde amangoti zii, kumaseka ndi anzake pabawo ngati palibe kanthu, mpaka timve kwa apolisi kuti wadzikhweza. Malipoti apolisi akhala akuonetsa kuti ambiri mwa odzipha m'dziko muno ndi amuna.

Anzathu a ku Zimbabwe adapeza njira yosalira ndalama zambiri. Dokotala wa matenda a maganizo, Dixon Chibanda, adayambitsa Friendship Bench mumzinda wa Harare, kumene agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi kuchipatala, kumvetsera munthu wothedwa nzeru ndi kumuthandiza kusankha vuto limodzi loti ayambe kulimbana nalo. Njirayi itayesedwa mwasayansi, zotsatira zofalitsidwa mu 2016 zidaonetsa kuti odwala matenda a nkhawa ankapeza bwino kwambiri kuposa amene adangolandira chithandizo chamasiku onse.

Kuno agogo otere tili nawo m'mudzi uliwonse, ndipo si aliyense wosweka mtima angathe kukafika ku chipatala cha Zomba Mental kapena ku St John of God ku Mzuzu. Pempho langa ku Unduna wa Zaumoyo ndi lakuti ntchito yotereyi ifike pachipatala chaching'ono chilichonse, mogwirizana ndi mafumu, mipingo ndi mizikiti. Makomiti a maliro nawonso, amene ali kale m'midzi ndi m'mipingo, apatsidwe udindo wina woyendera odwala, okalamba ndi amene ntchito yawathera, ndipo gawo la ndalama zimene amasonkhetsa lizipita kumeneko.

Mphunzitsi wopuma,
Dedza