Jenereta ya pa boti ikatentha, yambani mwayang'ana ku ekizozi

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko ndi anzanga a maboti kuno ku Mangochi, makamaka ife amene majenereta athu amazizira ndi madzi a m'nyanja momwemo. Nthawi ya mwera yapitayi jenereta yathu inazima usiku tili kutali ndi doko cha ku Monkey Bay, magetsi onse thii, firiji ya nsomba nayo zii. Tikailiza imalira bwinobwino koma pakangotha mphindi zochepa yatentha, yazimanso yokha.

Titafika kumtunda makaniko wina anangoisuzumira kamodzi nkuti thermostat, kachipangizo kowongolera kutentha kwa injini, yafa, tiichotse iziyenda yopanda. Ndinatsala pang'ono kuvomera, mwayi panali madala ena amene akalambira pa maboti, anandifunsa kuti mwana wanga, ku ekizoziko kukutuluka madzi? Ine manyazi, sindinayang'aneko nkomwe. Titailiza kumangotuluka utsi ndi nthunzi, kulira kwake kouma ngati thirakitala, chonsecho ikakhala bwino imalavula madzi phwa phwa osalekeza.

Nde tinayamba kulondola njira ya madzi kuchokera pansi pa boti. Valavu yolowetsa madzi inali yotsegula. Sefa titaitsegula munali mchenga, tizigoba ta nkhono ndi mizu ya namasupuni, tinatsuka koma madzi amangobwerabe modontha. Mnyamata wathu anamira pansi pa boti nkuvuuka ndi jumbo ya buluu, inali itamatirira pakamwa pa paipi ngati munthu waiika dala.

Ine ndimati basi zatha, kumene ayi. Mu pampu yokoka madzi muja muli impela, kagudumu ka labala ka mapiko, kamene kamadalira madzi omwewo kuti kasapse, nde kakazungulira kouma sikachedwa kuthetheka. Kathu kanali katathothoka mapiko awiri, kununkha ngati tayala lowotcha. Apa mpamene ambiri timalakwitsa, timangoika impela yatsopano nkutseka osafunsa kuti nanga mapiko othokawo apita kuti. Amapita ndi madzi nkukatseka timapaipi ta mu heat exchanger, momwe madzi a m'nyanja amachotsera kutentha kwa injini, injini nkumatenthabe iwe uli busy kutukwana amene wakugulitsa impela. Madala aja anatiumiriza kusakasaka zidutswa zonse, nkumazilumikiza pa thabwa ngati ana akusewera, mpaka mapiko awiri aja atakwana. Anatiuzanso tipake sopo wamadzi pa impela yatsopano isanalowe, ndipo tione kalabala ka pa chivindikiro cha sefa chifukwa kakang'aluka pampu imakoka mpweya m'malo mwa madzi. Thermostat ija inalibe mlandu uliwonse, ilipo mpaka lero.

Dandaulo langa, Akonzi, ndi majumbowa. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala kalekale mu 2015 koma pitani pa madoko athu kapena mungoima pa buliji ya Bakili Muluzi muone zimene Shire akunyamula, ndipo ena otaya ndife tomwe, tikadya chipisi jumbo ponyu m'madzi. Komanso inu ogulitsa masipeya pa boma, tithandizeni, impela ndinaisowa m'mashopu onse amene ndinalowa mpaka kuchita kuitanitsa ku Blantyre, boti linagona pa doko masiku anayi alovi akungosewera bawo. Ndinagula ziwiri, inayo pano imagona mu chitini cha mkaka pafupi ndi masipanala.

Wowerenga wanu,
Monkey Bay, Mangochi