Mzuzu nayenso akufuna misonkhano ikuluikulu

Akonzi,

Ndipatseniko mpata ndidandaule za Mzuzu Youth Centre. Ntchito yomanga malowa tinayamba kuimva kalekale. Maboma asinthana, nduna zabwera kudzayendera ndi kulonjeza, koma ikuyendabe ngati nkhono.

Taonani zomwe BICC, nyumba ya misonkhano ikuluikulu ija, yachitira Lilongwe chitsegulireni mu 2012. Atsogoleri a mayiko a SADC anakumana kumeneko mu 2013, anabweranso mu 2021. Nthumwi zikafika sizigona mu holo ayi. Mahotela amadzaza, oyendetsa matakisi amadya bwino, ngakhale mayi wogulitsa zitenje ndi mnyamata wa ziboliboli amapezapo kangachepe.

Ife kuno tili ndi zokopa alendo zomwe Lilongwe alibe: nyanja ku Nkhata Bay ili pafupi, Nyika ndi Vwaza zili komwe kuno, khofi wathu ngodziwika. Koma bungwe likafuna malo a anthu mazanamazana, limangolowera ku Lilongwe kapena ku Mangochi, ndalama n'kupita nazo. N'chifukwa chake tikufuna Youth Centre ithe kumangidwa, kuti mwina misonkhano yotere izibweranso kuno.

Khonsolo ya mzinda ndi aphungu athu atiuze poyera: ndalama zomwe zinaperekedwa zagwira ntchito yanji, zatsala zingati, ndipo makiyi tidzalandira liti?

Wokhudzidwa,
Katoto, Mzuzu