Tisamangomasulira "melt" kuti kusungunuka paliponse

Okondedwa a Mkonzi,

Ndalemba kalatayi pofuna kupempha atolankhani ndi aphunzitsi anzanga kuti tizisamala ndi mawu a Chingerezi akuti "melt", chifukwa chizolowezi chowamasulira kuti kusungunuka paliponse chikusokoneza ana asukulu komanso omvera wailesi.

M'Chichewa timati shuga wasungunuka mu tiyi, timatinso majarini asungunuka pamoto, ndipo palibe cholakwika pamenepa. Chingerezi ndiye chimasiyanitsa ziwirizi. "Melt" amanena za chinthu cholimba chimene chasanduka chamadzimadzi chifukwa cha kutentha: madzi oundana amatero pa madigiri 0 a Celsius, golide pa 1064, pomwe chitsulo chimafuna madigiri 1538. Koma mchere ukalowerera m'madzi, ngakhale ozizira, mawu ake ndi "dissolve", ndipo kuti mchere womwewo usungunuke ndi moto wokha pamafunika madigiri 801, kutentha kumene mphika wa ndiwo sungafikeko. Mwana amene sanauzidwe zimenezi amalemba "melt" pa mayeso a sayansi n'kutaya malikisi pa chinthu chimene amachiona tsiku lililonse kukhitchini, zomwe zimandipweteka mtima kwambiri.

Vuto limakula tikafika pa mawu akuti "meltdown". Pa nkhani za nyukiliya mawuwa amanena kusungunuka kwenikweni kwa zam'kati mwa makina opangira magetsi, monga zinachitikira ku Three Mile Island m'dziko la America mu 1979, komanso ku Fukushima m'dziko la Japan mu 2011, kumene mafunde aakulu a m'nyanja otchedwa tsunami anawononga zipangizo zoziziritsira makina. Koma pamene banki ya Lehman Brothers inagwa mu 2008 ndipo nyuzipepala za kunja zinagwiritsa ntchito mawu omwewa, panalibe chimene chinasungunuka. Wowerenga wa kwathu kuno amamva bwino tikamuuza kuti chuma chagwa kapena chalowa pansi.

Pa nkhani za mtima napo pamafunika kusamala. Mngelezi akanena kuti mtima wake wachita "melt" poona khanda, akutanthauza kuti wagwidwa chikondi kapena chifundo, pomwe m'Chichewa cha m'Baibulo, chimene ambirife tinakula nacho, mtima wosungunuka ndi wa munthu amene wagwidwa mantha n'kutheratu mphamvu. Choncho ndikupempha kuti akonzi anu azifunsa kaye chimene chachitikadi m'nkhaniyo asanalole mawu akuti kusungunuka kuti asindikizidwe.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa sayansi, Zomba